Supuni ya Ba Lute

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinatsala pang'ono kupha mlongo wanga Dalitso, ndipo nthawi yonseyo ndinkadziona ngati mpulumutsi wake. Nkhaniyi ndinaisunga pakhosi zaka zambiri. Lero ndikuilemba chifukwa onse amene akanachita nayo manyazi anagona kale, kupatula ine.

Tinkakhala pa kamunda kathu kufupi ndi Palabana. Atate anachokera kum'mawa, cha ku Katete, ndipo ankaweta ng'ombe zitatu za mkaka. M'mawa uliwonse ankakama, kuthira mkakawo m'zigubu ziwiri, n'kupalasa njinga kukagulitsa. Amayi anamwalira ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, Dalitso ali ndi zinayi. Patapita zaka ziwiri atate anakwatira Ba Lute, mayi wa komweko cha ku Chalimbana, wamtali, wa mawu ochepa, amene Chinyanja chake chinkapindika moti ine ndinkachiyeseza kuseri kuti anzanga aseke. Sindinawatchulepo amayi. Anali Ba Lute basi, monga mmene ndikanaitanira mayi wogulitsa tomato pamsewu.

Anali masiku a chipani chimodzi, masiku a mizere. Sopo mzere, shuga mzere, mafuta ophikira mzere, ndipo ukafika kutsogolo n'kukuuza kuti zatha. Akuluakulu akafuna kudandaula ankayamba acheuka kaye, chifukwa ankati uje ndi uje ndi shushushu, ndiko kuti kazitape wa boma. Ife ana tinayamwira momwemo. Tinkadziwa kuti munthu womwetulira akhoza kukhala ndi lake mumtima, ndipo ine ndinadzisandutsa shushushu wa m'nyumba mwathu. Ndinkadziwa nthawi imene Ba Lute ankadzuka, amene ankacheza nawo pachitsime, ndi pamene ankabisa kanthu kalikonse.

Amene anandilemba ntchito imeneyi anali amayi aakulu, mkulu wawo wa malemu amayi, amene ankakhala ku Lusaka. Ankabwera kamodzi pamwezi atanyamula mabanzi, ndipo asanabwerere ankandikokera kuseri kwa khola.

"Enelesi, maso yako yakhale pa uyu mkazi," ankatero. "Manje ali na pakati. Akabala wake, uganiza Dalitso azamufunila chani?"

Sanali munthu woipa, ayi. Ankalira mng'ono wawo, ndipo kulirako kunasanduka ukali. Koma mawu awo ankagwera pa mtima umene unali wolimidwa kale.

Mwezi wa Juni chaka chimenecho kunazizira koopsa. Mphepo inkabwera ndi fumbi ndi utsi wa tchire lotenthedwa, ndipo Dalitso, amene anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anagwidwa chifuwa. Chinali chifuwa cholemera, chomangika. Ankatsokomola mpaka misozi, koma osatuluka kanthu, ndipo ukaika khutu pamsana pake unkamva ngati m'kati mwagona mphaka. Lachinayi Ba Lute anati apite naye kuchipatala chaching'ono cha kwathuko.

Masiku amenewo wopita kuchipatala ankanyamula botolo lake. Mankhwala amadzi ankakhala m'chigubu chachikulu, ndipo ukapita chimanjamanja unkabwerera chimanjamanja. Ba Lute anatenga botolo la zakumwa, analitsuka ndi mchenga ndi phulusa, n'kulitsukuluza ndi madzi otentha katatu konse. Ine ndinati ndiwaperekeza. Atate anaganiza kuti mtima wanga wayamba kufewa, osadziwa kuti ndinkapita kukazonda.

Dokotala wa pamenepo, tinkamutcha choncho ngakhale kuti mwina sanali dokotala weniweni, anali bambo wamfupi wa ku Migodi, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Atamupima Dalitso, anandiuza kuti ndikakhale ndi mwanayo panja pansi pa mtengo, Ba Lute n'kupita pazenera lolandirira mankhwala. Ndinali patali moti sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Ndinangoona dokotalayo akulankhula nthawi yaitali, akuloza pachifuwa pake, akuimika zala zitatu, Ba Lute akugwedeza mutu. Amayi ena ankangolandira n'kuchoka. Ine mumtima ndinati, awa akupangana chiyani chosatha? Botolo linabwera lopanda kapepala kalikonse, lotsekedwa ndi chitsononkho, lodzaza madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Fungo lake linkalasa m'mphuno.

Titafika kunyumba, Ba Lute anatenga kasupuni ka tiyi, kokhako kamene tinali nako, kopindika chigwiriro. Anakakwecha, n'kulengeza kuti wina aliyense asakagwiritsenso ntchito ina. Anakamangirira pakona ya chitenje chawo ngati ndalama. M'mawa, masana ndi madzulo ankakhutchumula botolo, kuthira supuni imodzi, kumumwetsa Dalitso, kenako n'kumukakamiza kapu yodzaza ya madzi ofunda. Mwana akuti wakhuta, iwo ali, "Imwa futi, imwa." Tsiku lonse linali la madzi.

Pofika Loweruka chifuwa chija chinali chitakula. Chinasiya kuuma, chinayamba kulira monyowa, ndipo Dalitso ankati akatsokomola kunkatuluka makhololo achikasu, ambirimbiri. Kamodzi anachita kusanza. Ba Lute ankamuweramitsa pamiyendo pawo n'kumamugunda pamsana ndi chikhatho chofumbata pang'ono, kenako n'kumulavulitsa m'kachitini kothira phulusa. Chimene chinandimaliza ine n'chakuti ankasuzumira m'kachitinimo, kuyang'anitsitsa, asanapite nako kuchimbudzi. Ndinadzifunsa kuti kodi munthu wabwino amayang'aniranji malovu a mwana wa mwini? Kwathu malovu, tsitsi ndi zikhadabo si zinthu zoseweretsa. Ndinaona kuti umboni umene ndinaufunafuna chaka chathunthu wapezeka.

Tsiku lomwelo amayi aakulu anatulukira ndi mabanzi awo. Atamva kutsokomolako anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Uyu mwana bamupasa chani?"

Ndinawauza zonse kuseri kwa khola, za kunong'onezana pazenera, za supuni yobisa, za kachitini. Anapukusa mutu, n'kutsegula kachikwama kawo. Anatulutsa kabotolo kaphwatalala ka mankhwala ofiira, ogula m'tauni, otsala theka.

"Aya ni ya bamuna banga, yogoneka chifuwa. Bakamwa aya, ziii mpaka kuseni. Uzimupasako iye uja osaona."

Ndinafunsa kuti ochuluka bwanji. Anati, "Ah, pang'ono chabe." Mlingo wonse umene ndinapatsidwa unali umenewo.

Za tiyi sanandiuze ndi iwo. Imeneyo inali nzeru yanga ndekha, ndipo ndinanyadira nayo. Ndinaganiza kuti kumupatsa mankhwala abwino sikukwanira ngati akumwabe oipa aja. Lamulungu masana, Ba Lute atapita kuchitsime, ndinatenga botolo lija n'kukakhuthula kuseri kwa khola. Ndinasiyamo pang'ono pansi kuti fungo lisachoke. Masamba a tiyi anali osowa ngati golide nthawi imeneyo. Ba Lute anaimira tsiku lathunthu pamzere ku Chongwe kuti apeze kapaketi kamodzi, ndipo anawathira m'chitini n'kuchibisa mu mtsuko wosweka, pansi pa nsanza, kuseri kwa chitseko. Ine ndinkadziwa. Ndinatapa pang'ono, kuwiritsa, kusefa ndi nsalu, kudikira kuti zizizire, n'kudzaza botolo mpaka pamene panali mankhwala. Nditaliimika padzuwa, ngakhale ine mwini sindikanasiyanitsa.

Dalitso yekha ndi amene anazindikira. Madzulo atamwa anati, "Lelo siyanawawe." Ndinamutsina pantchafu Ba Lute atatembenuka. Pambuyo pake ndinamutengera kunkhokwe, kumene ndinabisa kabotolo kofiira, n'kumuuza kuti mayi uja akufuna kumupha, ndipo akaulula tifa tonse. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri angatsutse mlongo wake wamkulu? Anayasama. Ndinamuthirira supuni yaikulu yodyera phala, yodzaza mpaka kutayikira, mankhwala a bambo wamkulu wa ndevu zake. Akatsokomolanso ndinkawonjezera ina.

Chifuwa chinangoti zii. Lolemba Dalitso anagona pamphasa padzuwa pafupifupi tsiku lonse, osatsokomola, osadandaula. Atate atabwera kokagulitsa mkaka anasangalala, amvekere, "Mankhwala a boma aja agwira ntchito." Ine ndinayenda tsiku limenelo mutu uli m'mwamba. Koma Ba Lute sanasangalale. Ndinawaona atagwada, khutu lili pamsana pa mwanayo, nkhope itachita makwinya. Anasuzumira m'kachitini kaja, munali phulusa lokhalokha.

"Ichi chifuwa sichinapole," anauza atate. "Chabisala chabe. Na thupi yayamba kupya. Ba dokota banakamba ati tikaona so, tibwelele naye."

Atate anati njinga ili ndi ntchito ya mkaka, ndipo mwana akupeza bwino, tulo ndi mankhwala. Ine, amene sindinafunsidwe, ndinalowererapo.

"Ali bwino uyu. Afuna chabe akamulase jakisoni."

Mwana wolankhula choncho pamaso pa akulu ankayenera kulandira khofi, koma atate anandilekerera. Ba Lute anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatola chidebe n'kutuluka. Lachiwiri anapemphanso, atate anakananso.

Lachitatu m'mawa, atate atapita kale ndi mkaka, Dalitso sanadzuke kudzamwa phala. Ndinamugwedeza, anangotsegula maso pang'ono n'kutsekanso. Thupi linali moto. Ankapuma mofulumira ngati galu wothamangitsidwa, khungu la pakati pa nthiti likulowa m'kati, milomo itatuwa. Ba Lute sanafunse munthu. Anamuponya kumsana, kumumanga ndi chitenje, miyendo yake ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo, iwo ali ndi mimba ya miyezi isanu. Anatenga botolo lija m'manja n'kuyamba ulendo wa kumsewu, theka kuyenda theka kuthamanga. Ine ndinkatsatira pambuyo ndikulira. Ngakhale pamenepo, Mulungu andikhululukire, ndinkaganizabe kuti ndi mankhwala awo oyamba aja amene amupweteka.

Lole ya mchenga inatinyamula mpaka kuchipatala. Dokotala uja atangomuona Dalitso anasiya mzere wonse. Anawerenga kapumidwe kake akuyang'ana wotchi, anamvetsera pachifuwa, n'kunena kuti ndi chibayo. Kenako anamutsegula zikope, kumuitana, kumuwomba patsaya pang'ono.

"Nanga tulo utu shani? Mwamupasa chani china?"

"Palibe, ba dokota. Ni yamene munatipasa."

Dokotala anatenga botolo, analikhutchumula, anazula chitsononkho n'kununkhiza. Anadonthezera pachala n'kulawa. Ndikuiona mpaka lero nkhope yake.

"Mayo, iyi ni tiyi!"

Anafuula khomo lili lotsegula, amayi onse a pamzere akumva. Ndiye anayamba kukalipa, ndipo m'kukalipako ndi mmene ine ndinamvera koyamba zimene ananena pazenera paja tsiku loyamba. Anati anafotokoza bwinobwino kuti mankhwala aja sanali oletsa kutsokomola. Ntchito yake inali kusungunula makhololo kuti mwana awatulutse, n'chifukwa chake anati amwe madzi ambiri, n'chifukwa chake anati chifuwa chikayamba kunyowa asachite mantha, n'chifukwa chake anati aziyang'ana makhololowo ngati asintha mtundu kapena ali ndi magazi. Anati chibayo chikanatha kubwera ngakhale mwana akumwa mankhwalawo, koma akanabwera naye Lolemba thupi litangoyamba kutentha, bwenzi zili zina. Anabwerezanso kufunsa ngati pali china chimene mwanayo wamwa, chifukwa tulo timeneti sitinali ta chibayo chokha.

Ndinaima pakhomo ndikumva zonsezi. Chilichonse chimene ndinachiwerenga ngati ufiti chinali lamulo la dokotala. Ndipo funso limene ankafunsalo, limene yankho lake likanamuthandiza kuchiza mlongo wanga, yankholo linali m'kamwa mwanga. Sindinalitulutse. Ndinaopa chikwapu kuposa mmene ndinaopera maliro, ndipo zimenezi ndimachita nazo manyazi kuposa tiyi amene. Ba Lute anatembenuza mutu pang'onopang'ono, maso awo anandipeza pakhomopo, kenako anabwerera kwa mwana.

Dalitso anamubaya jakisoni n'kumutumiza kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Anakhalako sabata ndi masiku angapo, Ba Lute akugona pansi pambali pa bedi lake. Koma nkhani inafika kwathu ife tisanafike. Amayi a pamzere aja anaimwaza, ndipo pofika mawa lake aliyense kuyambira pachitsime mpaka kuchigayo ankadziwa kuti mkazi wa bambo wa mkaka ankamwetsa mwana womupeza tiyi kuti afe. Ena anati mankhwala enieniwo anagulitsa. Ena anati m'tiyimo munali zina. Amayi aakulu anafika ngati mphepo ya mkuntho, akulira mokweza kuti iwo ananena kale. Anakhulupiriradi kuti Ba Lute ndi amene anathira tiyi. Koma atandipeza ndekha anandigwira khutu n'kunong'ona kuti, "Za kabotolo kaja, pakamwa pako chete." Iwo ankadziwa theka la nkhani. Amene ankadziwa yonse ndinali ine ndekha.

Dalitso atatuluka, wowonda ngati bango koma wamoyo, ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. A tcheyamani a chipani a dera lathu anabweranso, poti masiku amenewo panalibe nkhani yokambidwa iwo palibe. Ife ana tinathamangitsidwa, koma ine ndinamvetsera ndili kuseri kwa nkhokwe, mkono umodzi kuchokera pamene panali kabotolo kofiira. Anawafunsa Ba Lute.

"Sininaikemo tiyi," anatero.

"Nanga anaikamo ndani, popeza botolo na supuni munali kusunga ndimwe?"

Anawafunsa katatu, katatu konse Ba Lute anangoyang'ana pansi. Atate, amene sanali munthu wankhanza koma anali atatopa ndi zala za anthu, ananena kuti Ba Lute ayambe apita kwawo mpaka adzachire, zina zidzaoneka pambuyo. Aliyense anamva tanthauzo lake. Mayi wochoka ndi mbiri yotere sabwerera, ndipo mwana amene anali m'mimbayo akanakula akutchedwa mwana wa mfiti.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinadzuka pomwepo n'kuulula. Ayi. Ndinadziuza kuti zatha bwino, Dalitso wachira, mayiyo akupita, ndipo si zimene ndinkafuna kuyambira kale?

M'mawa wa tsiku lochoka, mchimwene wa Ba Lute anafika ndi njinga. Katundu anali atamangidwa kale, mtolo umodzi ndi beseni. Atate anali kuseri akutsuka zigubu za mkaka zimene zinali zoyera kale. Ndinamva dzina langa kuchokera kukhitchini.

"Enelesi. Bwela kuno."

Ndinalowa ndikudziwa kuti nthawi yakwana. Koma Ba Lute anali atakhala pa kampando, patsogolo pawo pali botolo latsopano la ku Lusaka, lokhala ndi kapepala, ndi kaenvulopu ka mapiritsi. Anandiuza kuti ndikhale pansi. Anayamba ndi mapiritsi, kuti ayenera kutha onse ngakhale mwana aoneke wochira. Kenako anamasula pakona ya chitenje n'kutulutsa kasupuni kopindika kaja.

"Supuni ni iyi, osati ina. Imozi kuseni, imozi muzuba, imozi kumazulo. Uyambe wasukusa botolo. Akamwa, umupase manzi yambili. Akakosomola usayope, ni vamene vifunika, vichoke. Osamupasa vina vilivonse pamwamba, olo akupase ndani. Ukaona thupi yapya, olo apema mwamsanga, usayembekeze njinga. Umupape, uyende."

Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Ndiye anagwira dzanja langa, anaika supuniyo pachikhatho, n'kupinda zala zanga mwamphamvu mpaka chitsulo chinandipweteka. Anangondiyang'ana, dzanja lawo lili pamwamba pa langa.

Akanandimenya ndikanapirira. Akananditukwana ndikanapeza poimira. Koma munthu amene ndinamuwonongera dzina, akuchoka ndi mtolo umodzi, ankandiphunzitsa ine kasamalidwe ka mwana amene ndinatsala pang'ono kumupha. Ndinatuluka osaona kumene ndikuponda, ndinalowa m'nkhokwe, ndinafukula kabotolo kofiira pansi pa chimanga, n'kukakaika pamwamba pa chigubu patsogolo pa atate. Ndinanena zonse, mawu akugwerana. Atate anatenga kabotoloko, anakayang'ana, anakhala pa chigubu chinacho.

"Na tiyi ni iwe?"

"Ni ine, atate."

Ndinadikira chikwapu. Sichinabwere. Anavula chipewa, anadutsa pabwalo, anakagwada m'fumbi pamaso pa mlamu wawo, mnyamata wamng'ono kwa iwo, n'kuyamba kuwomba m'manja. Ndinali ndisanaonepo atate atagwadira munthu. Anthu oyandikana nafe, amene anabwera kudzaonerera mfiti ikuchoka, anaonerera zimenezo.

Ba Lute anapitabe tsiku limenelo. Anati, "Lekani nikapumeko." Ine ndinatsala ndi supuni, ndipo ndinamwetsa Dalitso monga anandiuzira, ndikumva chifuwa chikulira, ndikusuzumira m'kachitini ka phulusa ngati mmene ankachitira iwo. Atate anayenda maulendo anayi ku Chalimbana Ba Lute asanavomere. Anabwerera mvula itagwa, ali ndi khanda lalikazi kumsana. Musaganize kuti anandikumbatira. Kwa miyezi yambiri sanandilankhule kupatula pondituma, ndipo ine ndinkaona kuti n'zondiyenera. Amayi aakulu sanapondenso pakhomo pathu kwa zaka zingapo. Amayi ena a pachitsime, amene anamva bodza tsiku limodzi, anatenga zaka kuti amve zoona, ndipo ena anafa akukhulupirira bodzalo. Sindikumbukira tsiku limene ndinayamba kuwatchula amayi. Zinangobwera, ndipo iwo anayankha ngati kuti ndakhala ndikutero kuyambira kale.

Patapita zaka makumi atatu ndi zina, atate atamwalira, amayi anabwera kudzakhala kwanga ku Chongwe. Nyengo ina yozizira nawonso anagwidwa chifuwa chomangika, ndipo kuchipatala anawapatsa mankhwala a mtundu womwe uja, tsopano okhala ndi kakapu kake koyezera. Masana ena ndikuwathirira, ndikuyang'anitsitsa kamzere ka mlingo, ndinalimba mtima n'kufunsa chimene ndinachiopa moyo wanga wonse.

"Amayi, tsiku lija la supuni, munali kudziwa?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ninaziba pamene dokota anakamba ati tiyi. Mu nyumba muja, ndani anali kuziba pamene ninabisa chitini cha tiyi? Batate bako sibanazibe. Ni iwe chabe, shushushu wanga."

"Nanga bwanji simunanene pansi pa mango paja?"

Kuseka kunatha. Anandiyang'ana ndi maso omwe aja.

"Mkazi wopeza asonte chala mwana wamasiye? Ndani akananimvela? Ninati uyu mwana nimupase supuni. Ngati ali na mtima, izamulema."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti m'khitchini muja sankangondiphunzitsa za mankhwala. Ankadziteteza mwa njira yokhayo imene tinawasiyira, ife amene tinawaweruza asanalakwe. Ukwati wawo, dzina lawo ndi la mwana wawo, zonse anaziika m'dzanja la kamtsikana kamene kankawada, n'kudikira.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinaziona pa mlongo wanga. Ana anga ndi adzukulu amandidziwa kuti pa mankhwala ndine wovuta. Pazenera ndimaima ndekha, ndimafunsa ntchito yake, mlingo wake ndi tsiku lobwerera, ndipo ndikapanda kumva ndimafunsanso ngakhale a pamzere ang'ung'udze. Mankhwala a wamkulu salowa m'kamwa mwa mwana m'nyumba mwanga. Omasula chifuwa ndi ogoneka chifuwa sakumana. Mwana akatsokomola monyowa ndimamupatsa madzi, koma akangoti zii thupi likutentha, ndimasiya chilichonse n'kunyamuka. Chimene ndinachedwa kuphunzira n'chakuti ndinakhala chaka chathunthu ndikuzonda munthu, ndikudziwa ngakhale pamene ankabisa tiyi, koma sindinamufunsepo funso limodzi lophweka: dokotala uja anati chiyani? Akanandiuza.

Tsiku limene ndinawafunsa lija amayi anamwa mankhwala awo, anakwinya nkhope, n'kundibwezera kakapu.

"Manje nipase manzi," anatero. "Kapena waibala?"

Sindinaiwale. Amayi anamwalira chaka chotsatira, ndipo kasupuni kopindika kaja kali m'kabati mwanga, komangidwa pa kansalu. Palibe amene amaloledwa kutakasira tiyi.